Kodi rake ya poker imeneyi amadulira chani? Masamu anga sakugwirizana

Wa ku Chibavi: Akuluakulu mwaswera bwanji pagulu pano. Ndili ndi funso kwa amene mumasewera poker ya pa intaneti, sindikunena Aviator kapena kubetcha mpira ayi, ndikunena poker yeniyeni yokhala pa tebulo ndi anthu ena. Ineyo ndasewera miyezi itatu tsopano, matebulo ang'onoang'ono aja a masenti, usiku ndikaweruka. Dzulo ndinati nditsitse mbiri ya magemu onse ndione kuti ndili pati, nde ndapeza kuti zomwe ndadya anzanga kuchotsera zomwe andidya ine zikutsala $38, kutanthauza kuti ndimasewerako bwino ndithu, koma pali kamzere kena alembapo rake ndipo pamenepo papita $44. Ndiye kuti anthu ndawawina koma ndalama yanga yachepa ndi $6. Mtima wandiwawa kwambiri. Ndalama imeneyi amadulira chani, poti makadi imagawa ndi kompyuta, palibe munthu wolandira malipiro atakhala pa tebulopo, palibe lendi, palibe mpando woti uthyoke?

Kabaza Zolozolo: Ndi kuba basi aise, palibenso dzina lina. Zinthu za pa foni zonsezi anazipanga kuti iwe uziluza iwo azidya

Mayi wa pool Chiputula: Achimwene a ku Chibavi ine poker sindiidziwa koma zomwe mwafotokozazi ndazimva ngati nkhani ya pakhomo panga. Ndili ndi tebulo ya pool kuno. Anyamata awiri akabetcherana K2,000 ine sindilowerera, wowina atenge zake, koma thokeni ndiye amayamba agula asanagwire ndodo. Wina anandifunsapo chimodzimodzi kuti mayi mipira ndi yomweyi tsiku ndi tsiku mumatilipiritsa chani. Iye saona nsalu ya tebulo ikang'ambika, ndodo zikathyoka poti oluza ena amamenyetsa pansi, choko, magetsi, mnyamata amene amakhalira kuletsa ndewu, a khonsolo ndi chiphaso chawo. Mwina nawonso ali ndi zawo zomwe inu simukuziona pa foni.

IT wa pa Luwinga: Mayi mwalasa. Tiyambire apa kaye poti a Kabaza asakaniza zinthu ziwiri. Ukamabetcha mpira kapena kandege kaja umalimbana ndi kampani, ukaluza ndalama yako yalowa mthumba mwawo. Poker siili choncho, kampani siisewera nawo, ukaluza wadya ndi mnzako wa ku Brazil kaya ku Poland amene wakhala naye tebulo imodzi. Iwo alibe nazo kuti wawina ndani. Nde pomwe angapezere ndalama ndi pamodzi pokha, kutapako pang'ono pa ndalama zomwe mwaunjika pakati, zija amati poti, asanampatse wowina. Imeneyo ndiyo rake. Kawirikawiri imakhala cha mma 5 peresenti ndipo pamakhala malire oti sangapyole olo poti ikule bwanji. Saiti yoyamba kuseweretsa ndalama zenizeni inali Planet Poker mu January 1998, iwo anaika 5 peresenti malire $3, ndipo obwera mmbuyo ambiri anangotengera pomwepo. Mu tonamenti amadula polowa, ukaona alemba $10+$1 ndiye kuti $10 ikupita ku mphoto, $1 ndi yawo.

Wa ku Chibavi: Zimenezo ndamva akulu, koma 5 peresenti ikufika bwanji poposa phindu langa lonse? 5 pa 100 si kanthu kakang'ono?

Mphunzitsi Katoto: Ndiloleni ndiike pa bolodi, tigwiritse makwacha kuti zimveke. Anthu 6 mwakhala pa tebulo aliyense ndi K10,000, zonse pamodzi K60,000. Tinene kuti dzanja lililonse, kutanthauza ulendo umodzi wogawa makadi mpaka wina atawina, poti ikumafika K4,000. 5 peresenti yake ndi K200. Pa intaneti makadi sachedwa kugawa, pa ola mutha kusewera manja 70. K200 kuchulukitsa ka 70 ndi K14,000 pa ola. Pakatha maola 4 saiti yatenga K56,000 pa K60,000 ija. Chinsinsi chake nchakuti sadula pa ndalama yomwe mwaika mu akaunti kamodzi ayi, amadula ndalama yomweyo nthawi iliyonse ikadutsa pakati pa tebulo. Lero ili kwa inu, yapita kwa mnzanu aidula, yabwerera kwa inu aidulanso, yapitanso aidulanso. Pang'onopang'ono ndi mtolo, koma mtolo wake ukusenzedwa ndi mwini tebulo.

IT wa pa Luwinga: Aphunzitsi masamu ali bho koma mwawonjeza pang'ono. Masaiti ambiri sadula ngati dzanja latha makadi atatu apakati aja asanatembenuzidwe, amati no flop no drop. Ndipo manja ambiri amathera pompo, wina wakweza ena onse ataya. Nde tinene kuti theka lokha ndi lomwe likudulidwa.

Mphunzitsi Katoto: Ndavomera. Ndiye maola 8 mmalo mwa 4. Kwa munthu wosewera usiku uliwonse imeneyo ndi sabata imodzi siikwana nkomwe.

IT wa pa Luwinga: Eya pamenepo sinditsutsa. Ndipo chomwe chikumupweteka mnzathuyu kwenikweni ndi malire aja. Tiyerekeze malire ndi $3. Munthu wa ndalama akusewera poti ya $1,000 akumudula $3 basi, sipakwana olo theka la peresenti imodzi. Iwe wa masenti poti yako ya $2 siizafika pa malire mpaka kalekale, nde ukulipira 5 peresenti yathunthu dzanja lililonse. Matebulo ang'onoang'ono ndi amene rake imaluma kwambiri, nchifukwa chake anthu ambiri osewera bwinobwino amangozungulira pamodzimodzi osakwera.

Adada a fodya Ekwendeni: Monire mose. Ana anga ine ndagulitsa fodya ku okushoni ya kuno ku Mzuzu zaka zambiri. Ukamva mtengo pa floor umasekerera, koma pepala likabwera umapeza mizere mizere, ya okushoni, ya bungwe, ya chiguduli, ya transipoti, msonkho. Aliyense watapako kochepa koma pansi pa pepala ndi pamene umadziwa chomwe walimira. Ndinaphunzira kuwerenga pepala kuyambira pansi kukwera mmwamba. Mwana wa ku Chibavi wachita bwino kutsitsa pepala lakelo, anzake ambiri sayang'ana.

Wa ku Chibavi: Yewo adada. Koma funso langa likadalipo, ku okushoni tikuona mashedi, ma forklift, antchito. Awawa ndalama zonsezi zikupita kuti? Seva ndi yodula choncho?

IT wa pa Luwinga: Seva payokha si nkhani yaikulu masiku ano, ngakhale kuti kusunga anthu masauzande pa matebulo nthawi imodzi osadukiza olo sekondi ndi ntchito ndithu, komanso pali achiwembu amene amathira saiti matrafiki abodza kuti igwe pakati pa tonamenti yaikulu nde pamafunika chitetezo cholipira mwezi ndi mwezi. Koma zodya ndalama zenizeni ndi zina. Choyamba boma. Saiti yofuna kugwira ntchito mwalamulo imagula layisensi, ambiri amakatenga ku Malta, Gibraltar, Isle of Man komwe kuli likulu la saiti yaikulu ya poker yotchedwa PokerStars, ena otchipirako ku Curaçao, kenako maiko ambiri amafunanso layisensi yawoyawo ndi msonkho wawo. Ku UK mu 2019 anakweza msonkho wa masewera a pa intaneti kuchoka pa 15 kufika pa 21 peresenti ya zomwe kampani yapeza, kutanthauza kuti pa rake iliyonse gawo limodzi mwa asanu linkapita ku boma asanalipire wantchito olo mmodzi. Ku Germany mu July 2021 anaika 5.3 peresenti pa ndalama yomwe munthu wakhala nayo pa tebulo, osati pa phindu la kampani ayi. Ukuganiza kuti kampani imatulutsa mthumba mwake? Imakankhira kwa osewera, kaya pokweza rake kaya pochepetsa mabonasi.

Kabaza Zolozolo: Nde ife a ku Zolozolo tizilipilira msonkho wa ku Germany?

IT wa pa Luwinga: Wa ku Germany umagwa pa osewera a konko. Koma maloya, ma auditor ndi ma office oyang'anira malamulo a maiko makumi angapo amalipidwa kuchokera mu mphika umodzi omwewo, nde inde kwinaku mukusenza nawo.

Sisi wa ku banki: Ndiwonjezereko mbali yomwe ndimaidziwa. Kusuntha ndalama si kwaulere. Mukaika $20 ndi khadi ya Visa kapena apu yotumizira ndalama ya Skrill mu akaunti mumaona $20 yathunthu, koma kumbuyo saiti yalipira kampani yodutsitsa ndalamayo, ndipo makampani a juga amawatchaja mokwera kuposa sitolo wamba chifukwa mabanki amawaika mgulu la bizinesi zoopsa. Pali anthu amasewera ndi khadi yakuba, kapena waluza yekha kenako nkukauza banki kuti sindine ndinalipira, banki nkubweza ndalamayo. Pamenepo ndalama ija inadyedwa kale ndi osewera ena pa tebulo ndipo anatapa, nde dzenjelo amakwirira ndi a saiti. Ndi chifukwa chake amakuvutitsani kuti tumizani chithunzi cha ID, bilu ya madzi kaya magetsi, selfie mutanyamula pepala. Pali anthu olembedwa ntchito ongoyang'ana zimenezo usana ndi usiku poti malamulo oletsa kuchapa ndalama zakuba amawakakamiza.

Wa ku Chibavi: Zimenezo za ID zinandichitikira asisi, saiti yomwe ndimasewerayi inagwira ndalama yanga masabata awiri ati bilu yomwe ndatumiza ili mdzina la alandilodi. Nyumba za lendi ku Chibavi kuno ndani ali ndi mita mdzina lake?

Sisi wa ku banki: Ndi vuto la ambiri limenelo. Statement ya ku banki yokhala ndi dzina lanu ndi keyala nthawi zambiri amailandira, muziyamba mwafunsa musanaike ndalama osati pofuna kutapa.

Mkulu wakale wa makadi Masasa: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndinayamba poker ya pa intaneti ndili ku Joni kalekale, nde ndikuuzeni chomwe achinyamata simunachione. A IT atchula boma, asisi atchula mabanki, koma chilombo chachikulu ndi kusaka osewera atsopano. Poker imafuna anthu. Ukatsegula apu 2 koloko usiku nkupeza matebulo opanda anthu sumabweranso. Ndipo oluza amatopa nkusiya, nde tsiku lililonse pamafunika ena olowa mmalo mwawo apo ayi akatswiri atsala okhaokha kumadyana. Mu 2003 munthu wina wowerengera ndalama dzina lake Chris Moneymaker anapeza mpando wa mpikisano waukulu wa World Series of Poker ku Las Vegas kudzera mu katonamenti kakang'ono pa PokerStars nkukawina $2.5 miliyoni, dziko lonse linathamangira poker poganiza kuti nanenso nditha. Imeneyo inali malonda a mwayi. Zitazilala anayamba kugula anthu otchuka, mu 2015 PokerStars inasainitsa Cristiano Ronaldo ndi Neymar. Mukuganiza Ronaldo amajambulitsa atanyamula makadi kwaulere? Ndi rake yanu imeneyo. Onjezani mabonasi olandilira alendo, matonamenti aulere, ndi anthu aja amakupatsani link kuti lembetsani apa, amenewo ambiri amalandira gawo la rake yanu mwezi ndi mwezi malinga mukusewera.

Wa ku Chibavi: Iiii ine ndinalembetsa kudzera pa link ya munthu wina wa pa YouTube. Ndiye kuti pa $44 paja nayenso wadyapo?

Mkulu wakale wa makadi Masasa: Mosakayika. Nchifukwa chake amalimbikira kuti gwiritsani link yanga.

Kabaza Zolozolo: Koma inu mukuwaikira kumbuyo anthuwa. Ine ndimamva kuti makadi amawakonza kuti anthu awiri apeze makadi abwino nthawi imodzi poti ikule iwo adule zambiri

IT wa pa Luwinga: Nkhani imeneyo imanenedwa chaka ndi chaka, koma taganizani, malire aja alipo nde poti ikakula kupyola pamenepo iwo sapindulanso kanthu, ndipo wina akaluza zonse dzanja limodzi amadzuka pa tebulo, rake yaima. Iwo chomwe amafuna nchakuti ndalama izizungulira nthawi yaitali. Masaiti a layisensi zolimba pulogalamu yawo yosakaniza makadi imayesedwa ndi ma lab apadera ngati GLI ndi iTech Labs, ndipo kuyesako amalipira. Sikuti zachinyengo sizinachitikepo ayi. Mu 1999 akatswiri a kompyuta anapeza kuti kasakanizidwe ka makadi ka Planet Poker kanali ndi bowo loti munthu atha kudziwa makadi akubwera. Mu 2007 ku saiti ya Absolute Poker kunagwidwa akaunti yotchedwa Potripper yomwe inkaona makadi a anthu onse pa tebulo, anali munthu wamkati, ndipo anaigwira ndi osewera okha atafufuza mbiri ya manja ngati mmene wachitira mnzathuyu. Chaka chotsatira zofanana zinaululika ku UltimateBet. Lero mantha aakulu ndi maloboti, mapulogalamu osewera okha mmalo mwa munthu. Mu 2019 pulogalamu yotchedwa Pluribus yopangidwa ndi a Carnegie Mellon ndi Facebook inagonjetsa akatswiri pa tebulo ya anthu 6. Nde saiti iliyonse yofuna kukhulupilika imasunga gulu la anthu ongosaka maloboti, ndi anthu ogwirizana amene akhala tebulo imodzi uku akuuzana makadi pa WhatsApp. Saiti yotchipa rake koma yosasaka zimenezi ndi yodula kuposa zonse, poti udzadyedwa ndi makina.

Mkulu wakale wa makadi Masasa: Komabe a Kabaza asanyozedwe, mbali ina akunena zoona. Si rake yonse yomwe ili yolipira zofunika, ina ndi dyera ndi ngongole za eni ake. Ine ndinaona ndi maso. Mu 2014 kampani ya ku Canada yotchedwa Amaya inagula PokerStars ndi Full Tilt pa $4.9 biliyoni, ndalama zambiri zinali zokongola. Pasanathe miyezi ingapo analengeza kukweza rake pa magemu ena, kenako kumapeto kwa 2015 analengeza kudula zomwe ankabwezera osewera kwambiri aja a gulu lapamwamba lotchedwa Supernova Elite, anthu atagwira kale ntchito chaka chonse kuti afike pamenepo. Osewera ananyanyala masiku atatu mu December koma sizinasinthe kanthu. Seva sinakwere mtengo chaka chimenecho, chinakwera ndi ngongole yofunika kubweza. Nde mukamva kuti ndalama zoyendetsera zakwera muzifunsa kuti zoyendetsera chani.

Mayi wa pool Chiputula: Apo ndiye ndasiyana nawo. Ine ndikakweza thokeni anyamata amangowoloka msewu kupita pa tebulo ya ena.

Mkulu wakale wa makadi Masasa: Ndi pamene pali kusiyana mayi. Pa poker anthu amapita komwe kuli anthu, nde saiti yaikulu imatha kukweza osaopa poti kwinako matebulo ndi ouma. Ndipo pali china chomwe ndimafuna mwana wa ku Chibavi amve. Pa 15 April 2011, tsiku lomwe osewera amalitcha Black Friday, boma la America linatseka PokerStars, Full Tilt ndi Absolute Poker mdziko mwawo. PokerStars inabweza ndalama za anthu msanga poti inkasunga ndalama za osewera padera. Full Tilt inapezeka kuti ili ndi ngongole ya pafupifupi $390 miliyoni kwa osewera koma mu banki muli cha mma $60 miliyoni basi, zina eni ake anagawana. Anthu anadikira zaka. Ine ndinali ndi kandalama pa saiti ina yaing'ono yomwe inangozimirira nthawi yomweyo, mpaka lero. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Nambala yomwe ukuiona pa sikirini si ndalama yako mpaka ifike mu Mpamba kaya Airtel Money.

Sisi wa ku banki: Ndipo kwa ife a kuno pali rake ina yomwe saiti siilemba pa pepala lanu. Madola mukuwapeza bwanji? Forex ndi yosowa, makhadi athu ali ndi malire olipilira kunja, nde ambiri mumadutsira kwa munthu wa pakati amene amakugulitsani dola pa mtengo wa pamsewu, pobweza nkukugulani motsika. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 dipoziti yomweyo ya $10 inasanduka ndalama ina. Muikeponso bandulo, ndi netiweki ikathawa kapena magetsi akazima muli pakati pa dzanja lalikulu, makadi anu amatayidwa ndalama yatsala pa tebulo. Chinanso, MAGLA, bungwe la boma loona za juga, imayang'anira makampani omwe yawapatsa layisensi kuno ku Malawi. Saiti ya ku Curaçao ikakana kukulipirani mukadandaula kwa ndani?

Nyamsuku wa ku Mchengautuwa: Pepani ndilowelere ngakhale sindisewera. Mlongo wanga wamng'ono anayamba chonchi, masenti masenti, amatiuza kuti iyi si juga ndi masewera a nzeru, akuwerenga mabuku ake, akuonera mavidiyo. Mwina nzoona kuti nzeru zimathandiza, sindikukana. Koma fizi ya semesita yonse inathera mmenemo ndipo amayi anagulitsa nkhumba ziwiri kuti alembe mayeso. Chomwe chandikhudza pa masamu a aphunzitsi aja nchakuti olo onse 6 atakhala anzeru mofanana, onse 6 adzuka ndalama zitachepa. Iye zimenezi sankazidziwa, ankangoti mwayi sunandiyendere lero mawa ndibweza. Achimwene a ku Chibavi inu mwaona nambala zanu nokha, chonde musazinyalanyaze.

Wa ku Chibavi: Asisi ndamva ndipo sindikutenga mopepuka. Pepani ndi zomwe zinachitika kwanu. Ine ndimaika $10 pa mwezi osapyola, ndipo akazi anga amadziwa. Koma ndikuvomera kuti ndimafuna ndikweze mwezi uno poganiza kuti ndikuwina.

Mphunzitsi Katoto: Musanakweze chilichonse werengani bwino. $38 pa miyezi itatu, pa manja angati? Poti pa poker manja ochepa sanena zoona, munthu atha kuwina miyezi itatu ndi mwayi chabe.

Wa ku Chibavi: Akuonetsa manja 9,200 ndi kanthu.

Mkulu wakale wa makadi Masasa: Ndi ochepa mwana wanga, osewera enieni amayamba kukhulupilira nambala zawo akadutsa manja masauzande makumi angapo. Ukati ukhalebe pa masenti pomwepo chita izi. Saiti iliyonse yalongosoka ili ndi tsamba lomwe inalemba rake ya tebulo iliyonse, peresenti ndi malire ake, kalione. Funsa ngati ali ndi rakeback, kubwezako gawo la rake, poti pa nambala zakozo atakubwezera olo kotala ndi $11, ukanakhala pamwamba ndi $5 mmalo mokhala pansi ndi $6. Chepetsa kulowa manja ambiri ndi makadi ofooka, poti poti iliyonse yaing'ono yomwe ukulimbirana ikudulidwa. Ndipo mu settings muli poika malire a dipoziti, ika $10 yakoyo pamenepo kuti tsiku lomwe mutu watentha apu ikukanize yokha.

Kabaza Zolozolo: Ine ndiye ndikhalabe pa bawo ya pa depoti, palibe amadula njere

Adada a fodya Ekwendeni: Mwana wa ku Chibavi, pa pepala lakolo alemba zodula mzere umodzi wokha kapena aphwanya kuti iyi ya boma, iyi ya kampani?

Wa ku Chibavi: Mzere umodzi basi adada, rake $44. Ndalipeza tsamba lomwe akulu a ku Masasa amanena, linabisala pansi penipeni pa tizilembo ting'onoting'ono. Tebulo yanga alemba 5 peresenti, malire $1, ndipo ndayang'ana mbiri yonse poti yanga yafika pa malirewo kasanu ndi kawiri kokha miyezi itatu yonseyi. Za rakeback ndawalembera, ayankha kuti imayamba munthu akafika level yachitatu. A IT mukapezeka ku Luwinga Loweruka masana ndibwera ndi laputopu mundithandize kuwerenga kuti level imeneyo ndingaifike nditalipira rake yochuluka bwanji, malire a dipoziti aja ndaika kale.

IT wa pa Luwinga: Bwerani cha mma 2, mutsitsiretu fayilo yonse ya manja poti netiweki ya ku ofesi kuno Loweruka imavuta.